Chaona Mnzako Chapita: Mabuku a Mantha a ku Malawi ndi ku Prague

Mabuku ofotokoza moyo wa munthu pansi pa ulamuliro wankhanza, kaya ndi a Amalawi onena za nthawi ya Kamuzu Banda kapena a alembi a ku Czechoslovakia onena za nthawi ya Hitler ndi ya chikomyunizimu, amakumana pa mwambi umodzi wa makolo: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamudzi mwambiwu ndi wachifundo. Amaunena poletsa mwana kuseka wolumala, kapena podzudzula mwamuna amene akuzemba kumanda pamene kwa mnansi wake kwagwa zovuta. Womva amayenera kunyamuka n'kukathandiza, pakuti tsoka silisankha khomo. Koma boma likayamba kudya anthu ake, mwambi womwewo umabala zina. Munthu akaona mnzake akukwezedwa m'galimoto ya apolisi usiku amadziwadi kuti mawa chili pa iye, ndipo chifukwa chodziwa zimenezo amatseka zenera, m'mawa mwake n'kulambalala khomo la mayi wotsalayo osapereka ngakhale moni. Nthano zazitali zolemera kwambiri pa nkhaniyi ndi zimene zidalowa mumtima mwa wotengedwayo ndi mwa wotseka zenerayo, n'kuonetsa mmene mantha amasinthira munthu pang'onopang'ono mpaka iye mwini osadzizindikira.

Ku Malawi zinthu zidathamanga. Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo pasanathe miyezi itatu nduna zingapo zidasemphana ndi Kamuzu. Ena adachotsedwa, ena adatula pansi udindo, ambiri adathawira kunja. Mu 1966 Malawi Congress Party idakhala chipani chokhacho chololedwa, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala Pulezidenti Wamuyaya. Lamulo lidalola boma kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, lina lidalola kulanda katundu wa aliyense woganiziridwa kuti ndi chigawenga. Mu 1968 kudabwera lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo m'zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba bungwe loona za lamuloli lidaletsa mabuku oposa 800. Ngodya zinayi za chipani, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ankaziloweza ana asukulu. Ayufi a malaya ofiira ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa kadi ya chipani. Apayoniya anali ndi mfuti ndi misasa yawoyawo, ndipo apolisi a nthambi yachinsinsi anali ndi makutu m'mabala, m'maofesi, ngakhale m'makalasi a ku yunivesite. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula kadi, adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa.

Lilongwe idakula mkati mwa nyengo yomweyi. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, ku Kawale, ku Biwi, ku Area 25, ku Area 49, ku Chinsapo ndi ku Mgona kudadzaza anthu ochokera m'maboma onse: makalaliki, aphunzitsi, amisiri omanga, alonda, amayi ageni. Pamudzi munthu amadziwa agogo a mnansi wake, ndipo akapsetsana mtima pamakhala ankhoswe kapena anyakwawa owayanjanitsa. M'tauni yatsopano mnansi anali mlendo wolankhula chinenero china, wogwira ntchito kumene sadafotokoze bwino, ndipo nyumba zinali zoyandikana moti chifuwa cha usiku chinkamveka kuseri. Wokhala ku Area 49 sankafunika kuuzidwa kumene mawu otayika angamufikitse. Likulu la apolisi ku Area 30 silili patali, ndende ya Maula ili mumzinda momwemo, ndipo Dzaleka, kumene kunkasungidwa akaidi andale isanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, ili chapafupi m'boma la Dowa. Mwambi wina umati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo m'zaka zimenezo makolo ankauphunzitsa ana ngati malangizo opulumutsa moyo.

Mlembi wokhala m'dziko loterolo anali ndi njira ziwiri: kuthawa n'kukalembera kunja, kapena kukhala n'kuphunzira kubisa. Amene adakhala adatsata nzeru yakuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Gulu la alembi limene lidayamba kukumana ku Chancellor College mu 1970 lidapeza pobisala m'nthano zamakolo ndi m'nyama zakutchire. Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kuchiika pakati pa ndakatulo zake. Wounika mabuku sakadatsutsa kuti Napolo ndi nthano chabe, koma wowerenga aliyense ankadziwa mphamvu imene ikunenedwa. Jack Mapanje adasankha bilimankhwe, ndipo buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidatuluka ku London mu 1981. Kubisako sikudamuteteze mpaka kalekale. Mu 1985 bukulo lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo pa 25 Sepitembala 1987 adamugwira ku Zomba n'kukamutsekera kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osamuuza mlandu. Sam Mpasu adalawa zomwezo kale. Nthano yake yaitali, Nobody's Friend, apolisi adaiwerenga ngati ikunyoza mtsogoleri wa dziko, ndipo mu 1975 adamutsekera kwa zaka ziwiri.

Mabuku a Chichewa a nthawiyo, ngakhale chinenerochi chidakwezedwa mu 1968 kukhala cha dziko lonse, adayenda njira ina. Ankasindikizidwa m'dziko momwemo, pamaso pa ounika, ndipo ambiri ankalowa m'sukulu, motero adakhazikika pa chikondi, ufiti, ulesi, kuipa kwa tauni ndi mwambo. Muli luso lambiri m'mabuku amenewo, ndipo palibe chifukwa chowapeputsira. Chomvetsa chisoni n'chakuti mantha amene anthu ankawamva m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao adakalembedwa m'Chingerezi, n'kusindikizidwa kutali ndi eni ake.

Imodzi mwa nthano zazitali zoyamba kuyang'ana ulamulirowu m'maso idachokera kwa Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene adayenda pansi mpaka ku Sudan pofuna maphunziro ndipo pambuyo pake adakhazikika ku England. The Detainee, ya mu 1974, imatsata munthu wotchedwanso Napolo, bambo wa kumudzi wosadziwa ndale, amene akunyamuka ulendo wokaonana ndi dokotala. Dziko limene akudutsamo likulamulidwa ndi Sir Zaddock ndi anyamata ake achipani, ndipo Napolo akutsekeredwa osamvetsa chimene walakwa. Mphamvu ya bukuli ili pa kusadziwa kwa mtengambali wake. Munthu wandale akamangidwa amadziwa mdani wake ndipo amatha kulimba mtima pa chifukwa chimene akuvutikira. Napolo alibe chogwira choterocho. Amayesa kumasulira nkhanza ndi nzeru za kumudzi, zakuti mlandu umakhala ndi mwini wake ndipo wosalakwa amamasulidwa akafotokoza, koma nzeruzo sizikugwira. Kayira adaona msanga kuti ulamuliro wotere sufuna olakwa okha. Ukamagwira ndi osalakwa omwe, aliyense amayamba kudzifufuza yekha, ndipo ntchito ya apolisi imachepa.

Paul Tiyambe Zeleza, amene adaphunzira ku Chancellor College asanapite kunja, adatulutsa Smouldering Charcoal mu 1992, chaka chomwe maepiskopi a Katolika adawerengetsa kalata yawo ya pa 8 Malichi ndiponso Chakufwa Chihana adagwidwa akutsika ndege ku Lumbadzi. Bukuli limayamba ndi Mchere, wantchito wa kophikira buledi, akulimbana ndi khoswe m'nyumba yake yosauka ku Njala. Mbali ina kuli Chola, mtolankhani wophunzira amene amadziwa zoona koma nyuzipepala yake siingazilembe. Sitalaka ya kuntchito kwa Mchere imawakumanitsa, ndende imawaika pamodzi, ndipo Chola amafera momwemo. Zeleza adasamala kuonetsa kumene mantha amapita akachoka pamsewu. Mchere woponderezedwa kuntchito ndi yemweyo amene amabwera kunyumba n'kuvutitsa mkazi wake Nambe. Wopanda mphamvu pamaso pa bwana ndi pa chipani amakafuna pomwe iye angaopedwe, ndipo amapapeza pakhomo pake. Achinyamata ambiri adakumana ndi bukuli m'kalasi, popeza kwa zaka zingapo linali pa mndandanda wa mabuku a mayeso a Fomu 4.

Ku Czechoslovakia mlembi amene adafika pakuya pa nkhani ya mantha ndi Ladislav Fuks, wobadwira ku Prague mu 1923 n'kumwalira mu 1994. Ali mnyamata adaona anzake Achiyuda a kusukulu akuzimiririka dzikolo litalandidwa ndi Germany mu 1939. Nthano yake yaitali yoyamba, Pan Theodor Mundstock, ya mu 1963, imanena za kalaliki wachikulire Wachiyuda amene wachotsedwa ntchito ndipo akudikira kalata yomuitana kukakwera sitima yopita kumisasa yachibalo. Kudikirako kukumudwalitsa mutu mpaka akucheza ndi mthunzi wake. Kenaka akupeza nzeru: ngati choopsacho sichingapewedwe, achiyeserere chisanafike. Akuyamba kugona pathabwa, kuchepetsa chakudya, kunyamula sutikesi yolemera m'chipinda mwake uku akuwerenga mapazi kuti adziwe posinthira dzanja, ndi kuyeserera mayankho amene adzapatse msilikali womumenya. Mtima wake ukukhala pansi, ndipo akuphunzitsa njirayi mnyamata wa banja lina Lachiyuda. Tsiku loitanidwa litafika, akuwoloka msewu ndi sutikesi yake, galimoto ya asilikali ikumugunda asanafike n'komwe pamalo osonkhanira.

Aliyense amene adakhalapo m'dziko la chipani chimodzi angamuzindikire Mundstock. Ndi mphunzitsi amene amayamba wayang'ana kukhomo asanayankhe funso la mwana wasukulu. Ndi kalaliki amene amagula makadi a banja lonse chaka chisanayambe, ndi kusunga baji ya nkhope ya Ngwazi Kamuzu m'thumba la jekete lililonse. Mwambi uja waumva bwino lomwe, koma theka lake lokha: mawa chili pa iye, choncho lero lonse lipite pokonzekera mawalo. Fuks samuseka munthu wotereyu, amamulemba mwachikondi. Chimene amaonetsa n'chakuti boma lidamulanda moyo kalata isanabwere, pakuti masiku ake onse otsala adawapereka ku chinthu chimene sichidafike monga adachiyembekezera. Václav Havel, amene adadzakhala pulezidenti wa dzikolo, adafotokoza mu 1978 za wogulitsa ndiwo zamasamba amene amapachika mawu a chipani pawindo la sitolo yake, osati chifukwa chowakhulupirira koma kuti asiyidwe mumtendere. Ku Malawi chithunzi cha Kamuzu chinkapachikidwa m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake.

Buku lachiwiri la Fuks lofunika pano ndi lovuta kulimeza. Spalovač mrtvol, la mu 1967, limanena za Karel Kopfrkingl, wogwira ntchito pamalo otenthera mitembo ku Prague. Si chidakwa kapena wandewu. Samwa mowa, sasuta, amakonda nyimbo zabwino, amaitana mkazi wake ndi mayina okoma, amadandaula akamva kuti wina akuvutika, ndipo amakhulupirira kuti ntchito yake imamasula mizimu ku zowawa za dziko. Mnzake wina wa chipani cha Nazi akuyamba kumunong'oneza kuti m'thupi mwake muli kadontho ka magazi Achijeremani, ndipo kuti munthu waulemu ngati iye ayenera kukhala kumbali ya olimba. Kopfrkingl sakusintha mawu ake ngakhale pang'ono. Ndi kufatsa komweko akuyamba kupereka mayina a anzake akuntchito ndi a Ayuda amene amawadziwa, ndipo akukwezedwa kukhala mkulu wa malowo. Atauzidwa kuti magazi Achiyuda a mkazi wake akutsekereza tsogolo lake, akumupachika m'bafa. Pambuyo pake akupha mwana wake wamwamuna. Zonsezi akuzitcha chifundo, kuti akuwapulumutsa ku mavuto amene akubwera.

Apa mwambi wafika pamapeto oipitsitsa. Kopfrkingl nayenso waona zimene zagwera anzake, ndipo wasankha kuti mawa likamafika limupeze ali kumbali yogwira chikwapu. Fuks sadamulembe ngati chilombo chochokera kwina. Adamupatsa makhalidwe onse amene anthu amayamikira, ulemu, ukhondo, kukonda banja, kumvera akuluakulu, n'kuonetsa kuti makhalidwewa akasowa chikumbumtima amatumikira aliyense amene wagwira mphamvu. Wowerenga amakhala m'mutu mwa munthuyu tsamba ndi tsamba, ndipo choopsa n'chakuti maganizo ake amayenda mwadongosolo. Ngakhale nkhaniyi ndi ya nthawi ya Hitler, idatuluka pansi pa chipani cha chikomyunizimu chimene chidalamulira kuyambira 1948 mpaka 1989, ndipo owerenga ankaonamo akazitape ndi okwera maudindo a m'masiku awo. Mu Ogasiti 1968 akasinja a Soviet Union ndi anzake adalowa mu Prague kudzathetsa kamphepo kaufulu kamene kadayamba, ndipo filimu imene Juraj Herz adapanga kuchokera m'bukuli, yotuluka mu 1969, pambuyo pake idaletsedwa.

Poyerekeza mabuku a mayiko awiriwa pamaoneka mpata. Amalawi adalemba bwino za wozunzidwa. Pali Napolo wa Kayira ndi Mchere, pali ndakatulo za ku Mikuyu, pali Political Prisoner 3/75 ya Mpasu ya mu 1995 ndi And Crocodiles Are Hungry at Night ya Mapanje ya mu 2011, mabuku a anthu amene adagona pasimenti n'kutuluka ndi umboni. M'mabuku otchukawa wozunza amaonekera kunja: nsapato zake, mawu ake, ndodo yake. Za mumtima mwake zimamveka pang'ono. Izi n'zomveka, pakuti olembawo ndi amene adamenyedwa, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komabe ulamuliro wa zaka 30 sungayendetsedwe ndi nkhalamba imodzi ndi anthu ake ochepa. Padafunika wolemba lipoti, woyendetsa galimoto, wosunga makiyi, wapampando wa nthambi amene adatchula dzina la mnansi, ndi mphunzitsi amene adalowa m'malo mwa mnzake pamene aphunzitsi ochokera kumpoto adabwezedwa kwawo mu 1989. Ambiri mwa anthuwa sanali oipa kuposa ena. Ankapita kutchalitchi, ankalipirira ana sukulu, ankasonkha pamaliro.

Mbiri ya dzikoli ili ndi nkhani zokwanira kubala nthano yotere. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi achinsinsi, anali anthu oopedwa kwambiri m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, pamene ophunzira ambiri adatsekeredwa. Mu 1976 iwonso adagwidwa. Muwalo adanyongedwa mu 1977, ndipo Gwede adakhala zaka zambiri m'ndende zimene ankatumizako anzake. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zidaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa mu 1994 adapeza kuti adaphedwa ndi apolisi. Apolisiwo adabwerera kunyumba zawo, adadya nsima ndi ana awo, ndipo adasunga chinsinsicho zaka zoposa khumi. Zimene munthu wotere amadziuza usiku, mawu amene amasankha kuti ntchito yake ioneke yoyenera, ndiwo malo amene Fuks adalowamo ndipo nthano ya Chimalawi idangosuzumiramo.

Chimodzi mwa zifukwa zake ndi mmene dziko lidatulukira m'nyengoyo. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adavotera nyali ya matipate, mu Disembala chaka chomwecho asilikali adalanda zida apayoniya pa Operation Bwezani, ndipo pa 17 Meyi 1994 Kamuzu adagonja pachisankho. Mlandu wa ku Mwanza udatha mu Disembala 1995 oimbidwa mlandu atamasulidwa, ndipo mwezi wotsatira Kamuzu adapepesa mtundu pa zowawa zimene zidachitika m'dzina lake, osatchula ndi chimodzi chomwe. Bwalo lopereka chipukuta misozi lidagwira ntchito zaka khumi, koma ntchito yake inali yolipira ovulala, osati yofunsa ovulaza. Ku Czechoslovakia lamulo la mu 1991 lidaletsa amene adagwira ntchito ndi apolisi achinsinsi kukhala pa maudindo ena, ndipo pambuyo pake mafayilo adatsegulidwa kuti munthu aone amene ankamunena. Njira imeneyo idabweretsa zowawa zakezake, maka kwa amene mayina awo adalembedwa molakwika kapena mokakamizidwa, koma idachititsa kuti funso la wothandiza nkhanza likambidwe poyera. Ku Malawi wonena ndi wonenedwa adapitiriza kukhala moyandikana, kukwera minibasi imodzi ndi kukhala pa benchi imodzi pamaliro, nkhaniyo osaitchula.

Kukhala chete kotereku kuli ndi ubwino umene sitiyenera kuunyoza: kudathandiza kuti dziko lisagwe m'kubwezerana. Koma mtengo wake ukuoneka pa mmene nyengoyo ikukumbukidwira. Kamuzu adamwalira ku Johannesburg mu Novembala 1997, ndipo manda ake okongola, amene adatsegulidwa mu 2006, ali pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, ulendo waufupi kuchokera ku Area 49. Wachinyamata amamva za misewu, za chimanga chokwanira ndi za Kamuzu Academy, zimene zilidi mbali ya mbiri, ndipo amamvanso za ng'ona ndi za Mikuyu ngati nthano za chilombo chimodzi chimene chidafa. Chimene samva kawirikawiri ndi mbali ya munthu wamba amene adathandiza, mwina agogo ake omwe, ndi tinjira ting'onoting'ono timene adadutsa: kuopa kaye, kenaka kukhala chete, kenaka kuwomba m'manja, kenaka kutchula dzina. Bwalo lamilandu limafuna umboni ndipo buku la mbiri limafuna zikalata, koma nthano yaitali imatha kulowa mumtima mwa munthu wotere popanda kuloza chala khomo la wina aliyense.

Nthano yotere ikadzalembedwa, pali chifukwa chomveka choti idzakhale m'Chichewa kapena m'chinenero china cha kuno, pakuti ndi m'zinenero zimenezi mmene kadi inkafunsidwa, dzina linkanong'onedwa, ndipo mayi ankachenjeza mwana wake kuti atseke pakamwa. Zipangizo zake zikadalipo koma zikutha. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi linali la zaka zosakwana 18, ndipo ambiri mwa okhala ku Area 49, ku Area 25 ndi ku Kawale lero adabadwa chipani chimodzi chitatha kale. Mnyamata amene adavala malaya ofiira ali ndi zaka 20 mu 1980 tsopano adapitirira zaka 60, chimodzimodzinso mayi amene adamubweza pachipata cha msika chifukwa chosowa kadi.